Pachifuwa pa Mwala

Mwala umenewo ndinausema ndi mkwiyo, sindinama. Unali wochokera kumapiri a kum'mawa kwa Raffingora, ndipo ndinayamba kuugogoda tsiku lomwe mng'ono wanga Rutendo anabwerera kukomboni kuchokera kuchipatala, ndi mwana amene sankafuna n'kumuyang'ana komwe.

Rutendo anayamba ndi bronko, mankhwala a chifuwa aja amene anzake kushedi yosankhira fodya ankamwa ngati tiyi. Kenako anafika pa mutoriro, mankhwala ozunguza bongo osutira m'kababu ka magetsi. Mimba sinamuletse. Mwana anabadwa wochepa ngati botolo la mafuta ophikira, nkhonya zili gwa, akunjenjemera, kulira kwake kolowa m'mano. Anesi anati thupi lake likufuna zomwe linazolowera m'mimba, ndipo chomuthandiza kwambiri n'kumufukata pachifuwa. Kusuta Rutendo anasiyadi, koma ankangogona choyang'ana kukhoma. Ankati anamuwononga kale kamodzi, akamugwira amuwononganso.

Ndiye abale a bambo wa mwanayo anatumiza mawu kuchokera ku Arcturus kuti Loweruka la kumapeto kwa mwezi adzamutenga, popeza mayi alibe. Tamvani zimenezo! Mwana wa mbumba yathu akakulire kuchimuna, mayi ake ali moyo? Zinandiwawa mpaka m'mafupa.

Masabata atatu ndinasema mwana ali kumsana. Ndinasema mkazi wokhala pansi, nkhope ya Rutendo yeniyeni, botolo pakamwa, maso akuyang'ana kutali. Pachifuwa pake ndinaika kakhanda kopinda nkhonya, kamene dzanja la mayiyo silinakakhudze. Ndinkafuna auone, achite manyazi.

Mwala ukatha kuukwecha ndi sandipepa umakhala wotuwa, wakufa. Umafunika kuuwotcha, n'kuupaka polishi wa pansi ukadali wotentha, ndiye mtundu wake umatuluka. Lachisanu masana, mawa lake lili Loweruka lija, ndinaukolezera moto kuseri kwa nyumba. Utsi wa mabalani a fodya unkayandama pamwamba pa minda, mvula ikununkhira patali koma osafika. Ndinali ndisanagone bwino masiku ambiri. Ndikupaka polishi, kubiriwira kunayamba kutuluka pang'onopang'ono, ndipo mkati mwa mwalawo ndinkaona minda, damu la papurazi, famu imene tinakulira, ine ndi Rutendo tili ana tikusamba, amayi akutiitana kutsidya. Mkazi wa mwalayo ankaoneka kuti akupuma.

Thwa! Ndinali nditasunthira makala pafupi kwambiri. Panali mtsempha m'mwalamo umene ndinauona kalekale n'kuunyoza. Kakhanda konse kanasomphoka n'kugwera m'phulusa, pachifuwa n'kutsala chibowo chosalala.

Ndinakhala pansi nthawi yaitali, kulira kukundikanika. Mwana kumsana ndiye ankalira m'malo mwanga. Msana unkandiwawa, manja odzaza polishi. Ndinagwira mwalawo ndi kuseri kwa dzanja, ndipo unali utazizirako, wofunda ngati munthu. Ndinayalapo nsalu yanga n'kumugoneka mwanayo pachibowo paja, kuti ndingosamba m'manja basi.

Mwana anakhala chete.

Nkhonya zija zinamasuka, chala chimodzichimodzi. Kunjenjemera kunachepa mpaka kutha. Komboni yonse inakhala ngati yamira m'madzi, ngakhale nkhuku zinkayenda mwaulemu.

Chete ameneyo ndi amene anamudzutsa Rutendo. Chibadwire cha mwana anali asanamvepo nyumba ili zii, ndiye anatuluka akuthamanga, akuganiza kuti wamwalira. Anafika n'kuima. Anayang'ana nkhope yake pamwala, botolo lija, kenako mwana wake ali m'tulo pachifuwa pa chinthu chopanda mtima. Mawu onse amene ndinamusungira masabata atatu anandithawa, ndinangomumvera chisoni.

"Sisi, mwala wamugoneka?" anafunsa monong'ona.

Ndinati inde.

Anagwada, n'kuika dzanja pamwalapo.

"Ukuzizira," anatero. "Posachedwa uzizira."

Ndinamuuza kuti nditha kuuwotchanso. Anamasula mabatani a bulauzi, n'kumunyamula mwana molakwika, mutu ukulendewera, mpaka ndinachita kumukonzera chigongono. Mwana anadzidzimuka n'kuyamba kukuwa kulira kwake kuja. Rutendo anatseka maso, misozi ikutsika, n'kumukanikiza pakhungu lake.

Analira mpaka mvula inafika, madontho akuzimitsa makala. Ndinatambasula manja kuti andipatse apumuleko.

"Ayi, sisi," anatero. "Musiyeni alilire pano."