Kapepala ka Pageti

Ndimakonza mawotchi. Ntchitoyi ikutha chifukwa anthu amaonera nthawi pafoni, koma ine sindinasiye. Kashopu kanga kali pansi pa masitepe a nyumba ya maofesi. Kumeneko ndi kumene mlamu wanga anandipeza Lachiwiri masana, chikwama cha kompyuta chili paphewa.

Iyeyu ndi mng'ono wa malemu mkazi wanga. Akuphunzira udokotala wa amayi oyembekezera. Kubanja kwawo konse ndi iye yekha amene amandiyankhulabe.

"Alamu, foni munaigula kuti izikongoletsa thumba? Ndaimba kasanu."

"Ndinali pantchito."

"Ntchito yake iti? Fumbi ili?" Anapukuta mpando n'kukhala. "Loweruka ndikayankhula kumsonkhano wa madokotala. Ife ophunzira amatipatsa mphindi khumi. Zikakwana amaliza belu, kaya uli pakati pa mawu. Mundiwerengere nthawi. Paja inu ndi mawotchi muli pachibale."

Ndinatenga wotchi yoyezera mipikisano. Iye anatsegula kompyuta n'kuyamba.

Anali atawerenga mafayilo makumi anayi ndi atatu a amayi amene anamwalira chifukwa chotaya magazi pa uchembere. Mayina anachotsa, poti ndi mmene amachitira. Aliyense anali ndi nambala. Atafika pa nambala 17 mawu ake anatsika. Zaka 31. Anayamba kutaya magazi 7 koloko m'mawa. Anafika kuchipatala 11:40. Mwana anapulumuka.

Dzina silinafunike.

"Sindinachite kusankha, alamu," anatero osandiyang'ana. "Fayilo ya achemwali inali m'bokosi limodzi ndi enawo."

Anapitiriza. Mfundo yake yomaliza inali yakuti ambiri mwa amayiwo anachedwera kunyumba, choncho mabanja aphunzitsidwe kufulumira.

"Mphindi zisanu ndi zinayi, masekondi makumi anayi," ndinatero.

"Basi? Palibe china?"

"Palibe."

Atapita ndinatsitsa wotchi yapakhoma imene siyenda, n'kutsegula kumbuyo kwake. M'menemo ndimasungamo kapepala, poti inki yake imafufutika kakaona dzuwa. Pageti la chipatala chija pali makina amene amatulutsa kapepala kosonyeza tsiku ndi nthawi galimoto ikamalowa. Potuluka umakabweza. Tsiku lija mlonda ataona nkhope zathu anangokweza chitsulo, osafunsa. Kapepalako kamati 8:12.

Zaka zinayi zapita. Pamaliro apongozi anga anandifunsa pamaso pa anthu kuti, "Maola anayi onsewo munali kuti ndi mwana wanga?" Sindinayankhe. Abale anati ndine wouma mtima, ndipo mpaka lero mwana wanga amapita kwa agogo ake moperekezedwa ndi mlamu, ine ndimathera pachipata.

Kapepalako sindinakaonetse munthu. Ndinkadziuza kuti wofuna kundikhulupirira safuna pepala. Koma chifukwa chenicheni si chimenecho.

Titafika, mayi wa pawindo anati, "Khalani pabenchi, tikuitanani." Tinakhala. Mkazi wanga anavala siketi yakuda, magazi sankaoneka. Nayenso sanali munthu wodandaula. Itadutsa 9 koloko anandigwira bondo. "Bambo, kafunseniko." Ndinapita mpaka pakhomo la chipinda chothandiziramo amayi. Namwino anali yekha ndi amayi atatu, wina akukuwa. Ndinaima pamenepo, chipewa m'manja, kudikira kuti atembenuke. Sanatembenuke. Ndinabwerera n'kuuza mkazi wanga kuti akuti tidikire pang'ono. Palibe amene ananena zimenezo. Achipatala anatsegula fayilo mkazi wanga atagwa pabenchi, ndipo nthawi imene analemba ndi imeneyo.

Loweruka ndinavala jekete. Msonkhano unali muholo ya hotela. M'khonde munali mapepala akuluakulu a kafukufuku atapachikidwa pamabolodi, ophunzira ataima pambali pake ngati ogulitsa malonda. Aliyense anali ndi kakhadi pachifuwa kupatula ine. Mlamu ndinam'peza pafupi ndi tebulo la tiyi, akuyankhula yekha chapansipansi.

"Alamu! Mwasochera? Kapena wotchi ya hotela yafa?"

Ndinam'patsa kapepala kaja.

Anayang'ana tsiku, kenako nthawi. Anawerenganso. Kapu ya tiyi anaiika pansi pang'onopang'ono.

"Ichi n'chiyani?"

"Nthawi imene tinalowa."

"Fayilo imati 11:40."

"Fayilo analemba atagwa."

"Zaka zinayi, alamu? Amayi akukutukwanani zaka zinayi, inu muli nako aka?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ndipo mwabwera nako lero? Kwatsala mphindi makumi awiri! Lachiwiri ndinakufunsani, munati palibe china."

"Ndinaganiza za enawo," ndinatero. "Makumi anayi ndi awiri."

Wina anaitana nambala yake ya pulogalamu. Anapukuta m'maso ndi chikhatho n'kulowa. Ine ndinakhala mpando wakumbuyo, pafupi ndi chitseko.

Anayankhula monga anachitira m'shopu muja. Manambala, zithunzi za mizere yokwera ndi yotsika. Kutsogolo kunakhala aphunzitsi ake, dokotala wa imvi, akugwedeza mutu movomereza. Ndinkayang'ana wotchi yanga. Pa mphindi zisanu ndi zinayi mfundo yomaliza ija inaonekera pakhoma ndi zilembo zazikulu. Mlamu anangoiyang'ana. Masekondi khumi ndi asanu. Wina anatsokomola.

"Mfundo iyi sindingaiwerenge," anatero. "Nthawi yofika ndinaitenga m'mafayilo. Lero ndadziwa kuti pa nambala 17, imeneyo inali nthawi yotsegula fayilo. Mayiyu analowa pageti 8:12." Anakweza kapepala kaja, kakang'ono moti akumbuyo sitinkakaona. "Anakhala pabenchi lathu maola atatu ndi theka. Za enawo sindikudziwa. Sindinafunse."

Belu linalira.

M'manja munaombedwa mwa apo ndi apo. Bambo wina wa tayi yofiira anaimirira n'kunena kuti kapepala kamodzi si kafukufuku. Mlamu anavomera. Dokotala wa imvi uja sanam'teteze, sanam'dzudzule. Anangofunsa holo yonse kuti, "Kuzipatala kwanu, nthawi yofika amalemba ndani?" Wotsogolera anati nthawi yatha, wophunzira wotsatira abwere.

Ndinatuluka. Mlamu anandipeza pamasitepe a panja, nsapato zake zazitali zili m'manja.

"Chaka chathunthu cha ntchito," anatero. "Aphunzitsi akuti ndiyambirenso. Ndikafufuze za pageti."

"Pepani."

"Musapepese zimenezo." Anakhala pambali panga. "Ndikawaonetsa amayi mawa."

"Akafunsa."

"Akafunsa chiyani?"

"Chimene mukufuna kufunsachi."

Anatembenuza kapepalako m'zala. Kenako anafunsa, motsitsa mawu ngati mmene mkulu wake ankayankhulira.

"Maola atatu ndi theka, alamu. Inu munkatani?"

"Ndinkadikira kuti atiitane."

"Simunakuwe?"

"Ayi."

"Ngakhale kugogoda?"

"Ndinaima pakhomo. Kenako ndinauza achemwali anu kuti akuti tidikire."

"Ananena choncho?"

"Sananene."

Sanandigwire dzanja, komanso sanachoke. M'holo muja belu linaliranso. Ndinadzipeza ndikuyang'ana wotchi: wophunzira wotsatira uja anam'dula masekondi khumi nthawi isanakwane.

"Mukawauze zonse," ndinatero. "Ndi za pakhomozo."

Anaika kapepalako m'thumba la malaya. Ndinamuuza kuti asakasiye padzuwa.