Mfundo ya Malume Gavril

Mwa maboti onse amene anatuluka pa doko la Kodiak m'mawa umenewo kukatchera nkhanu, tsoka linasankha limodzi, la malume ake a Fedosia. Fedosia analizindikira likadali patali, chifukwa pa chilumba chonsecho panalibenso munthu wina amene akanapaka boti utoto wobiriwira wonyansa chotero n'kumayenda nalo monyada.

"Si la achibale ako ilo?" anafunsa Renteria, mnzake wa ntchito, uku akupukuta madzi amchere kumaso. "Tiwauze akuluakulu atumize wina."

"Wina wake uti? Yandikiza."

Fedosia anali atagwira ntchito ya usilikali wolondera gombe zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo tsikulo ndiye ankatsogolera okwera m'maboti a asodzi kukaona ngati zida zopulumukira zili bwino. Sitima yawo yaikulu inaima chapatali, iwo ali m'kaboti kamene mafunde ankakaponya uku ndi uku. Kuzizira kwake kosanena. Mu Januwale madzi akakugwera pa jekete amaundana pomwepo.

Anagwira makwerero a chingwe n'kukwera. Pamwamba anapeza a Gavril, mlongo wawo wa mayi ake, ataima ngati eni nyanja, ndevu zili mbuu ndi chisanu.

"Ha! Taonani anyamata, boma lafika! Boma lomwe ndinkalipukuta mamina ine!" Antchito awo atatu anafa nalo phwete. "Lowa umwe khofi, mwana wa mlongo wanga."

"Zikomo a Kaputeni. Ndione kaye mapepala a boti."

"A Kaputeni? Lero ndasanduka a Kaputeni? Chabwino bwana."

Mapepala anali bwino, zozimitsira moto chimodzimodzi. Zovala za mphira zodzitetezera m'madzi ozizira zinalipo zinayi, zipi zake zopakidwa phula bwinobwino. Mtima wa Fedosia unayamba kukhala m'malo, ndipo kunena zoona ankafunitsitsa atatsika m'botimo asanapeze kanthu. Bambo ake atamira panyanja, anamulera ndi munthu ameneyu. Komanso nyengo ya nkhanu chaka chimenecho inali ya masiku ochepa chabe, ndipo boti lobwezedwa kudoko tsiku loyamba limadzapeza anzake atakokolola kale.

Kenako anakwera padenga la chipinda chowongolerera, pamene pamakhala mgolo woyera wosungiramo bwato lopulumukira. Mgolowo umayenera kumangidwa ndi lamba mmodzi yekha wokhala ndi kachipangizo kake. Boti likamira, kachipangizoko kamadula lambayo kokha, mgolo n'kuyandama, bwato n'kudzipopa. Apa kachipangizo panalibe. Mgolo unali utazengedwa ndi chingwe cha miono yotchera nkhanu kanayi konse, n'kumangidwa mfundo yaikulu ya michira iwiri yopisidwa mkati.

Fedosia anaiyang'ana mfundoyo nthawi yaitali. Kenako anaitana.

"A Kaputeni, takwerani kuno."

A Gavril anakwera ali wefuwefu, ndipo asanafunsidwe n'komwe anayamba kudziyankhira. "Kachipangizo kaja kanathyoka ndi mkuntho wa sabata yatha. Katsopano kafika pa ndege Lachisanu. Ndiye ndikanatani, mafunde andibere mgolo? Zikavuta ndimasula ndekha, manja ndili nawo."

"Masulani tione," anatero Fedosia, maso ali pa wotchi.

"Iwe, usandiyese mwana. Nyanja ino ndayendamo zaka makumi anayi."

"Masulani."

Anavula magolovesi mwaukali n'kugwada. Koma abale, chingwe chinali chitauma gwa ndi chisanu ngati chitsulo. Anakanda, anakoka, anachiluma ndi mano, anatukwana amene anachipota pamodzi ndi makolo ake. Zala zinachita dzanzi, chikhadabo chinathyoka. Antchito aja, amene ankasuzumira ali pansi, kuseka kunawathera.

"Mphindi zitatu zatha," anatero Fedosia. "Boti lodzaza miono likapendekeka ndi chisanu silidikira ngakhale imodzi. Ulendo wathera pano. Mubwerera kudoko, ife tikuperekezani."

A Gavril anadzuka mwaukali. "Mwana wouma mtima iwe! Wakula ndi nsomba za manja angawa, lero ukundichititsa manyazi pamaso pa antchito anga chifukwa cha chingwe? Aliyense amamanga chonchi! Bambo ako akanakhala moyo akanakulavulira!"

Renteria anasendera pafupi, koma Fedosia anamuletsa ndi dzanja. Mawuwo anamulasa mtima, misozi inalengeza m'maso. Komatu panali nkhani imene anaisunga m'mimba zaka zambiri, ndipo anaona kuti akapanda kuinena lero adzainenera pa maliro. Anatsitsa mawu kuti ena asamve.

"Malume, mfundo iyi ndikuidziwa. Munandiphunzitsa ndinu pakhonde paja, munkanyadira kuti palibe wina amaimanga. Aja olowa pansi pa nyanja atalipeza boti la bambo, anajambula zithunzi. Mgolo unali pamalo pake padenga, wosatseguka. Pamwamba pake panali michira iwiri yopisidwa mkati."

A Gavril anakhala pansi pa denga lozizira lija ngati wina wawatchera mwendo.

"Anandipempha yekha," anatero. "Bambo ako Ilarion anandipempha yekha kuti ndimumangire mgolowo. Kunali mphepo yoopsa tsiku limenelo. Ine ndinkati ndikumuthandiza."

"Ndikudziwa. Sindinabwere kudzakuzengani mlandu wa bambo. Ndabwera chifukwa cha atatu ali pansiwa, ndi inu. Simupitirira, malume, ngakhale mundide mpaka kufa."

Nkhalambayo inasolola mpeni m'chiuno, inacheka chingwe mbali zonse ziwiri, mfundo ija n'kuiika m'thumba la jekete. Kenako inakalipira antchito ake. "Mukuyang'ana chiyani? Simunaonepo munthu wamkulu akulira? Tsitsani mgolowu muuike poonekera. Tikubwerera!"

Fedosia anadziwitsa a pa sitima yaikulu pa wailesi, analemba chikalata chobweza boti, ndipo a Gavril anasaina osawerenga. Atafika pa makwerero kuti atsike, anamva a Gavril akumukoka mkono wa jekete.

"Mayi ako... Matrona akudziwa?"

"Chithunzicho anandionetsa ndi iwowo, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu."

"Ndiye zaka zonsezi? Lamlungu lililonse ine kumakadya chitumbuwa cha nsomba patebulo pake, iye ali phee?"

"Ali phee. Mlongo ali naye ndi mmodzi yekha, ndinu." Fedosia anaponda makwerero. "Lamlungu lino aphikanso. Mbale yanu aitsuka kale, mukadye."