Bulu wa Pawindo la Lorraine

Bambo anamwalira ali ndi tizidole sikisi m'kabati yawo yagalasi, koma pochokera kumanda tinapezamo tisanu. Wakuba ndinkamudziwa. Anali Lorraine, mlongo wanga wamkulu, amene analira mokweza kuposa aliyense pamaliropo, chikwama chili tuu kukhwapa.

Tizidoleti ndi tija timaima pakabokosi. Ukadina batani la pansi timalobodoka n'kugwa, ukasiya sipuling'i imakoka ulusi, kachidole dzambatu! Ta bambo tinali ta pulogalamu ya ana imene tinkaonera pa TV kuno ku Dayton, ya mlimi Orville ndi ziweto zake. Mlimiyo, nkhumba, tambala, mbuzi ndi galu zinabwera kwa ine. Amene anasowa ndi bulu, dzina lake Clem, yemwe anzathu osonkhanitsa zidole amamusakasaka mpaka ku Canada osamupeza.

Ife osonkhanitsa zidole lamulo lathu ndi limodzi: chidole chakale sadina. Ulusi wake umakhala wofumbwa, ukaduka basi kwatha, ndipo ukaikamo watsopano palibe amene angachiyang'anenso kawiri. Clem anali asanadinidwepo chichokereni kufakitale.

Chionetsero cha zidole chinali pafupi, ndipo ndinali nditalonjeza anzanga kuti gulu lonse la Orville lidzaima patebulo limodzi, dzina la bambo pamwamba. Ndinagula payi, keke ija ya maapozi m'kati, ndinanyamula kabokosi koyalamo thonje, ulendo wa kwa Lorraine. Ndinkadana nawo ulendowo, ndipo iyenso sanabise kuti sanandisowe.

"Taonani mlonda wa kumanda a zidole," anatero ataima pakhomo. "Payi ya m'sitolo? Ngakhale ziphuphu umapereka zotchipa, Wendell."

"Achemwali, sindinabwerere macheza. Ndipatseni bulu wa bambo."

"Wa bambo? Iwe, mutu wako ukugwira?"

Ndinamulambalala n'kulowa. Clem anali pawindo la kukhitchini, padzuwa, pamwamba pa sinki, pafupi ndi botolo la sopo. Magazi anandiwira. Dzuwa limasukulutsa utoto, nthunzi imaoletsa ulusi, ndipo munthu wakulira m'nyumba ya bambo zimenezi amazidziwa bwino lomwe. Anachitira dala.

"Mwamuika padzuwa! Mukufuna kumupha?"

"Ndi chimtengo chopaka utoto ichi, Wendell. Safa." Anamunyamula ndi dzanja lonyowa. "Bulu ameneyu anandigulira ndi azakhali a Jean pa tsiku langa lobadwa, ndili ndi zaka seveni. Ndisanamudine n'komwe, bambo akowo anandimenya dzanja n'kumukiyira m'kabati. Ndakula ndikuonera mphatso yanga pagalasi."

"N'chifukwa chake alipobe mpaka lero. Akanakusiyirani inu, bwenzi anapita kale kudzala."

"Eti?" anatero, akundiyang'ana m'maso. Chala chake chachikulu chinapita pansi pa kabokosi ka bulu.

"Lorraine, usayerekeze!"

Anadina. Clem anapinda miyendo yonse inayi, khosi linagwera kumbali, mchira lende. Ndinagwira mpando. Ndinkadikira kumva ulusi ukuti thu, tizidutswa n'kumwazikira m'sinki. Lorraine anachotsa chala, bulu uja dzambatu, makutu ali njo ngati palibe chachitika. Ulusi sunaduke.

Mlongo wanga anaseka, gogo wa imvi mbuu, mpaka misozi. Misoziyo itapitirira kuposa kusekako, anaipukuta ndi kansalu kopukutira mbale.

"Zaka zonsezi," anatero. "Ona, m'bale wanga, ndilibe nawe chifundo koma sindine womana. Ukumufuna? Mdine kamodzi ndi chala chako, umutenge."

Anandiikira bulu m'manja. Anali wopepuka, wofunda ndi dzuwa. Ndinali nditaona ndi maso angawa kuti amagwa n'kudzuka, ndipo kabokosi kanga kathonje kanali kukamwa yasa patebulo. Ndinaika chala pabatani. Sipuling'i ndinaimva ikukankha pang'ono, ikungodikira. Ndinaganiza za anzanga akuchionetsero atazungulira tebulo langa ndi magalasi awo okulitsa zinthu, wina akufunsa ngati buluyu anadinidwapo. Ndinaganiza za bambo akupukuta galasi la kabati Lamlungu lililonse. Chala chinakana.

"Ndimadziwa," anatero Lorraine, n'kunditsomphola buluyo. "Nawenso anakumenya dzanja, koma iwe unati zikomo. Tenga payi yakoyo, uzipita."

Payi ndinaisiya, kabokosi ndinatenga. Ndikutsika masitepe ndinkamva kumbuyo kwanga batani likulira, kete, kete, kete, mobwerezabwereza, ndipo ndinamuda kuposa kale.

Kuchionetsero ndinandanda tizidole tisanu, pakati pa mbuzi ndi galu n'kusiya mpata. Anzanga anabwera mmodzimmodzi, aliyense funso lake lomwelo: nanga Clem ali kuti?

Ndinawauza kuti mlongo wanga anamudina, ulusi n'kuduka.