Kukwera Dowa Chafutambuyo

Chaka chimene dzombe linadya chimanga ku Nsaru, munthu wakuda woyendetsa galimoto yakeyake m'dera lonselo anali mmodzi yekha, Abasi wa sitolo ya nsalu. Za kukongola kwa galimotoyo musandifunse. Kanali kalole kokalamba kogula kwa Mmwenye wa ku Lilongwe, kopanda zitseko, kotsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe. Koma kakalira, abale inu, anthu a m'minda ya fodya ankaimika makasu n'kumaonerera.

Tsiku lina m'mawa kunafika munthu pa njinga, thukuta lili kamukamu, ndi uthenga wa maliro. A Useni a ku Dowa anali atamwalira. Malemuwa anali mlongo wa a Mwanahawa, apongozi a Abasi, ndipo pa bere lawo anatsala awiri okhawo. Asilamu sagoneka maliro. Wanjingayo anati aika dzuwa likapendeka, ndipo thupi likangotuluka m'nyumba amayi salionanso.

"Ndikaone nkhope ya mlongo wanga," a Mwanahawa anauza mwana wawo Mwajuma, mkazi wa Abasi.

Kuuza Abasi mwini sakanatha. Chikwatirireni, mkamwiniyo anali asanawayang'anepo apongozi ake kumaso. Akakumana panjira wina ankapatukira kutchire, ndipo mawu onse ankadzera mwa Mwajuma.

Abasi sanadikire kupemphedwa kawiri. Anapukusa chitsulo chakutsogolo cholizira injini, kalole n'kudzuka. Mwajuma anakhala pambali pake, apongozi n'kuyala mphasa kumbuyo kwenikweni, kutali ndi mkamwini.

Kuchidikha ulendo unakoma, ngakhale unali wa maliro. Anadula madambo, fumbi lili koboo, nkhuku zikubalalika. Pa Nambuma amayi ochapa anaimirira ndi zovala m'manja kuti aone bwino ngati woyendetsayo analidi mwana wa kwathu kuno. Abasi anangowongola kofia. Kunyada ankanyada, tisabise.

Mavuto anayamba atafika pa mapiri a Dowa. Pa chitunda chachikulu kalole kanatsokomola, kananjenjemera, kenaka zii. Abasi anaika mwala kutayala, n'kusuzumira m'thanki ya pansi pa mpando. Petulo analimo koma wochepa, ndipo m'magalimoto a nthawi imeneyo petulo ankatsika yekha kupita ku injini. Mphuno ya galimoto ikaloza kumwamba, yense ankathawira kumbuyo. Mankhwala ake Abasi ankawadziwa: kutembenuza galimoto, n'kukwera chafutambuyo.

Anaitsetseretsa mpaka pamalo otakasuka, n'kuitembenuza. Injini inadzukadi. Apa m'pamene anaona vuto lina. Woyenda chafutambuyo amayang'ana kumbuyo, ndipo kumbuyoko kunali apongozi. Kalole kanali kakang'ono moti paliponse pamene akanakhala, maso ake akanawagwera basi.

"Iwe ndiwe uziyang'ana, uzindiuza," anauza Mwajuma, iye maso ali kutsogolo.

Anayamba kukwera. Mwajuma anati kumanja, pamene ankatanthauza kumanja kwa iye wotembenukayo. Abasi anakhotera kumanja kwake. Tayala lakumbuyo linakanda m'mphepete mwa phompho, miyala n'kugubudukira pansi. Mwajuma anakuwa. Abasi anaponda buleki ndi mphamvu zake zonse. Mithunzi ya mitengo inali itayamba kutalika.

Ndiye kumbuyo kunamveka mawu amene anali asanamulankhulepo.

"A Abasi."

Abasi anaweramitsa mutu.

"A Abasi, ndikulankhula ndi inu. Tembenukani, bambo. Ulemu wanu ndauona, wandikwana. Lero ndikufuna maso anu."

Munthu wamkulu uja anachita manyazi ngati mwana wogwidwa akunyambita shuga. Koma anatembenuka. Anaona mayi wamng'ono thupi, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, misozi italemba mizere m'masaya. Mayiyo sanaphethire. Anangosendera pambali pang'ono kuti msewu uoneke, n'kugwiritsa thabwa.

Amuna inu, kuyendetsa kwake kunali kumeneko! Dzanja limodzi pachiwongolero, lina pampando, khosi litapotoka, Abasi anakweza kalole kaja khona ndi khona, injini ikulira mpaka nthunzi. Sanaphonye ngakhale pamodzi. Pokafika pamwamba panalibe nthawi yotembenuzanso, choncho analowa m'Dowa momwemo, matako a galimoto ali patsogolo. Amesinjala a pa boma anagwira pakamwa. Ogulitsa mbatata anaseka mpaka kukhala pansi, ena n'kumathamangira pambali kufunsa ngati dalaivala wapenga. Abasi sanawamve n'komwe.

Pa nyumba ya maliro amuna anali ataimirira kale, jeneza lonyamulira thupi lili pakhonde. A Mwanahawa sanadikire kuti galimoto iime bwino. Anatsika chodumpha, nsalu ili m'manja, n'kulowa m'nyumba, Mwajuma ali pambuyo.

Abasi anazimitsa injini. Khosi linali litauma moti ankayang'ana anthu chammbali. Anakhala pamwala, makutu ali kukhomo. Kodi kupenga konseku kunali kwachabe?

Patapita kanthawi Mwajuma anatuluka, maso ali psuu, n'kudzagwada pafupi naye.

"Anali akumanga kale nsalu ya kumutu kwa amalume," anatero. "Amasula. Amayi amuona mlongo wawo."

Abasi anapumira m'mwamba. Anasamba m'manja ndi kumaso, n'kupita kukaima pamodzi ndi amuna anzake, ndipo jeneza litatuluka iye ndiye anayamba kuikapo phewa.