Nyimbo Yoitanira Harisa

Nswala za m'nkhalango yathu zinachuluka mpaka kumaliza nyemba za ababa m'munda. Amuna a m'mudzi anagwirizana zoti aziwombere. Kenako kunabwera Mayi Mounira, dokotala wa zinyama, ndi mfuti yoponya jakisoni wolera. Yaikazi ikabayidwa imasiya kaye kubereka, ndipo jakisoniyo amaisiyira penti wofiira pathako kuti alenje asaiphe.

Vuto linali Harisa, nswala imene ndinailera ili kamwana. Ikangomva fungo la mlendo, liwiro. Ababa anati ikapanda kubayidwa tsiku limenelo, mawa lake tiidyera kusikusi, chakudya chakwathu cha tirigu.

Harisa imabwera ndikaimba nyimbo imodzi yokha. Ndinaipeka ndekha kutchire, kumene kulibe makutu a anthu. Imanena za Ziyed, mnyamata wa nyumba yoyandikana nafe. Ndipo amene ananyamula bokosi la adokotala anali Ziyed yemweyo.

"Iwe Wiem, itana chiweto chakocho," anatero ababa tonse titafika kutchire.

"Ababa, anthuwa atembenuke kaye."

"Atembenuke? Ukusamba kodi?"

Amuna anaseka. Ndinatsinzina, n'kuyamba kung'ung'udza chabe, osatchula mawu. Tchire lonse zii.

"Mwanangu, ndi mawu omwe," ananong'ona Mayi Mounira, mfuti ili paphewa.

Basi ndinaimba. Za makutu a Ziyed aakulu ngati zogwirira mtsuko, ndi kuti ndimawakonda choncho. Za njinga yake yopanda mabuleki. Za ukwati wathu nthawi yokolola maolivi.

Ndinamva bokosi likugwa pansi.

"Ee! Alamu, mkamwini tam'peza!" anakuwa amalume Hedi.

"Makutu amenewa alowe m'banja mwanga?" anatero ababa, mawu akunjenjemera ndi phwete.

"Chete nonse!" anatero adokotala.

Nditatsegula maso, Harisa inali itaima pafupi, ikundiyang'ana. Phaa! Inalumpha m'mwamba, n'kuthawa thako lili psuu. Isanafike patali inabwerera kudzafuna buledi m'thumba mwanga ngati sipanachitike kanthu. Ndinaikumbatira m'khosi, ndikuseka, misozi ili mbwembwembwe. Nkhope ndinaibisa muubweya wake ndipo sindinkafuna kuitulutsanso.

Pobwerera amalume ankaimba nyimbo yanga mokweza, akuiphonyaphonya. Ziyed ankayenda kumbuyo kwanga, chipewa atachikokera mpaka m'makutu. Titafika pachipata chathu anatsokomola.

"Wiem. Si aakulu choncho."

Ndinangoyang'ana zala zakumapazi.

"Koma mabulekiwo ndikonza," anatero.

Ndinathamangira m'nyumba, n'kuseka mu pilo mpaka kundigwira ntchikwi.