Kadontho Kofiira Pakona ya Bolodi

Pafakitale ina yaing'ono yopanga machaja a mabatire panali mkulu wina amene anzake ankangomutchula kuti Amagalasi. Ntchito yake inali kujambula pakompyuta timabolodi tobiriwira tija timakhala m'kati mwa chaja, n'kulondoleza tinjira ta mkuwa todutsamo magetsi. Kwa zaka zisanu ndi zinayi ankajambulira pulogalamu imodzi yaulere, ya mtundu uja aliyense wodziwa amatha kuitsegula n'kuikonza. Koma oikonzawo anali atabalalika, ndiye abwana anamupatsa sabata imodzi kuti ayese ina yatsopano, yaulerenso, anene ngati asamukire kumeneko.

Lachitatu m'mawa anatsegula chojambula chake chakale mu pulogalamu yatsopanoyo. Pakona ya bolodi panatulukira kadontho kofiira. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi malaya, n'kuyang'ananso. Tinjira tiwiri tinali titayandikana mopitirira muyezo, moti bolodi likangotentha magetsi ankalumpha. Pulogalamu yakale inkamuchenjeza zomwezo, koma iye anazimitsa chenjezolo kalekale poti linkamusokosera.

Pakona yomweyo ndi pamene machaja mazana awiri anapserera chaka chathachi, ndipo amene anachotsedwa ntchito anali wowotcherera mawaya, mlamu weniweni wa Amagalasi, mchimwene wa mkazi wake. Abwana ankati manja a munthuyo ayamba kunjenjemera. Amagalasi naye anavomereza ndi mutu tsiku limenelo.

Masana onse ankangolingalira. Akangonena kuti pulogalamu yatsopano ndi yachabechabe, kadonthoko palibe adzakaone. Akasamuka, kompyuta iliyonse ya mu ofesimo idzakaonetsa.

Poweruka anapatukira kwa mlamu wakeyo, amene tsopano ankakonza mawailesi pakhonde la nyumba yake. Anamupeza akuwotcherera kawaya kochepa ngati tsitsi, dzanja lili nji.

"Alamu, mwabwera kudzayeza kunjenjemera kwanga?" anatero akuseka, n'kumukankhira mpando ndi phazi.

Amagalasi sanakhale. Anafotokoza zonse ali chilili.

"Pakona yakumanzere paja?" anafunsa wowotcherera, maso ali pawailesi. "Ndinapaona chaja choyamba chitangopsa."

Amagalasi anakhala pampando uja. Anafunsa mlamu wakeyo chifukwa chake sananene, chaka chonse, ngakhale pamene ankamutulutsa pageti ndi zida zake m'katoni.

"Mlongo wanga anali ndi pakati, alamu. Ine wailesi ndimatha kukonza. Inu mukanakonza chiyani, osadziwa n'kugwira komwe sikuludilaiva?"

M'mawa mwake abwana anaima pakhomo la ofesi, kapu ya tiyi kumanja, n'kufunsa ngati yankho lapezeka.

"Tisamuka, bwana," anatero Amagalasi. "Koma tayambani mwakhala pansi."

Anatembenuzira kompyuta kwa abwanawo, n'kuloza pakona paja ndi chala. Chalacho chinkanjenjemera.