Kosi ya Singano

"Weramani pang'ono, mayi," anatero Singano, akukankha mutu wa kasitomala wake ndi zala ziwiri.

A Wailesi anawerama, koma pakamwa sipanatsekeke. Dzinali anawapatsa ndi atsikana a mu saluni, ndipo eni ake ankalidziwa, ankalikondanso. Nkhani iliyonse ya mumsewu umenewo inkayamba yadutsa pakamwa pawo, n'kukafika kwa eni ake itanenepa.

"Koma iwe mwana wanona! Singano yanji yotere, ingalowe pansalu? Kukosiko ankakudyetsani chiyani?"

A Madamu, eni saluni, anali pakona akupaka mankhwala owongola tsitsi m'mutu mwa mtsikana wina. Anaseka msanga kuposa wina aliyense.

"Makosi a masiku ano amadya bwino, mayi."

Singano anatenga chingwe china cha meshi paphewa pake n'kupitiriza kuluka. Chimene chinamunenepetsa chinali m'chikwama chake, m'kabotolo koyera.

Za kosizo anapeka ndi azakhali ake. Zoona zake n'zakuti chaka chatha Singano anasiya kugona. Poyamba zinkaoneka ngati khama. Ankaluka mitu yambiri kuposa anzake onse, akuimba, osatopa, ndipo a Madamu ankamuyamikira pamaso pa makasitomala. Kenako anayamba kulankhula osapuma, kugawira anthu odutsa zipeso za saluni, mpaka m'mawa wina anamupeza pakhomo atavala nsapato imodzi, akufotokozera loko wa pachitseko za masaluni amene adzatsegule. A Madamu ndi amene anamukweza mu takisi anthu asanachuluke. Azakhali anayamba ndi mapemphero. Zitakanika, anamupititsa kuchipatala cha matenda a maganizo, ndipo anagonekedwa miyezi ingapo.

Atatuluka, a Madamu anamulandira ndi malamulo awiri. Munthu akafunsa, anali ku kosi ya masitayilo atsopano. Piritsi la masana azikamwera kuchimbudzi, chitseko atakhoma.

"Si nkhanza, mwanawe," anatero tsiku limenelo. "Ntchito yathu munthu amakupatsa mutu wake atakufulatira. Akamva zimenezi, adzakhale pampando wako ndani?"

Singano anavomera, poti mpandowo ankaufuna. Ankameza piritsi ndi madzi a m'manja, pampopi wa kuchimbudzi, ngati wakuba. Koma chimbudzicho chinali chimodzi cha mashopu onse a mumzerewo, kiyi wakenso mmodzi. Dzana lomweli kiyiyo anasowa, makasitomala anachuluka, piritsi silinamwedwe. Usiku wake tulo tinachedwa kubwera, ndipo anagona chagada akudzimvetsera yekha, kuopa kuti zija zayambanso.

"Ndiye imene ukundilukayi ndi ya kukosi?" anafunsa a Wailesi. "Mawa kuukwati wa mwana wa mchemwali wanga ndikufuna akazi anzanga akadwale makosi ndi kucheuka."

"Ya kukosi yeniyeni," anayankha a Madamu.

Mbali ya kumanja inali itatha, mizere yopyapyala, yowongoka ngati yojambula ndi lula. Mbali ya kumanzere tsitsi linali chiimire, lopesedwa, loloza kudenga. Pamenepo foni ya Singano inalira m'thumba la epuloni. Inali alamu ya mankhwala.

Anayang'ana pamsomali wa kuseri kwa chitseko. Kiyi panalibe.

"Watenga wokonza mafoni uja," anatero Sopo, mtsikana wotsuka tsitsi. "Ameneyo akalowa amatuluka ndevu zitamera."

Singano anaima pang'ono. Kenako anatsegula chikwama n'kutulutsa kabotolo kaja.

"Sopo, tandipatseko madzi m'kapu."

Anamwa ali chiimire, patsogolo pa galasi lalikulu, pomwe aliyense ankamuona kawiri. Botololo sanalibweze m'chikwama. Analiika pashelefu, pakati pa zipeso ndi mafuta a tsitsi.

"Mutu?" anafunsa a Wailesi.

"Ayi."

"Zakulera? Masana ano? Mwamunayo ndi woopsa!"

Saluni yonse inaseka. A Madamu anakweza mawu pamwamba pa phwetelo.

"Ndi mavitamini. Anamupatsa kukosi."

"Ndi mankhwala a matenda a maganizo, mayi," anatero Singano, akutenga chipeso. "Kunalibe kosi. Ndinagonekedwa kuchipatala. Weramani."

A Wailesi sanawerame. M'galasimo maso awo anatsika kuchoka pankhope ya Singano mpaka pathumba la epuloni, pomwe panatulukira makutu a sizasi.

"Chipatala cha amisala?"

"Ena amachitchula choncho."

A Wailesi anadzambatuka, meshi ikulendewera mbali imodzi mpaka m'chiuno.

"Madamu! Mwandikhazika m'manja mwa wamisala, sizasi ili m'thumba, inu mukundiuza za kosi? Mukanatola khutu langa pansi mukanati chiyani?"

"Mayi, khalani pansi tikambirane, mwanayu anachira..."

"Sindinachire ngati chimfine," anatero Singano. "Ndikumwa mankhwala, ndipo ndili bwino. Sizasi yomweyi ndinali nayo chaka chatha, ndikudwala, osamwa kalikonse. Munakhala pampando womwewu mukunditama kuti ndine wachangu. Lero ndikumwa, ndiye mwayamba kuopa?"

A Wailesi anatsegula pakamwa, koma siteshoni inali itathawa. Anatembenukira kwa a Madamu.

"Andimalize wina."

Panalibe wina. Woluka mnzake wa Singano anali kumaliro. Sopo ankangodziwa thovu. A Madamu anayang'ana magolovesi awo odzaza mankhwala, ndipo aliyense ankadziwa kuti mizere yopyapyala anaisiya kalekale maso atayamba kuvuta. Ndiponso woluka aliyense amadziwa kuti mutu umene wayamba wina sumalizidwa ndi wina. Dzanja lililonse lili ndi kakokedwe kake. Ukasakaniza, mutu umaoneka ngati nyumba yomanga amisiri awiri odana.

"Ndiye mumasule zonsezi!"

"Kumasula tikhoza," anatero a Madamu motsitsa. "Koma tikamaliza, masaluni onse akhala atatseka."

A Wailesi anasolola mpango m'chikwama n'kuyesa kumanga. Kumanja unagona bwino. Kumanzere unatukuka ngati abisamo mphaka, meshi ikusuzumira kunsi. Anadziyang'ana m'galasi, anayang'ana kumsewu komwe kunkadutsa anthu amene iwo anawanenapo onse, mmodzimmodzi. Anamasula mpangowo.

"Sizipatsirana zimenezi?"

"Ndakulukani zaka zonsezi, mayi. Zikanakhala zopatsirana mukanayamba kale."

"Mwina anayamba, ife osazindikira," anatero Sopo chapansipansi ali pasinki.

Mtsikana wa pakona uja anaphulika kuseka mpaka a Madamu anamugwira mutu. A Wailesi anamuponyera Sopo diso loti tidzaonana, n'kukhala m'mphepete mwenimweni mwa mpando.

"Sizasiyo ika kutali."

Singano anaitulutsa n'kuiika pamiyendo pawo.

"Sungani nokha. Ndikaifuna ndikupemphani."

Analuka. Khosi la a Wailesi linali gwa ngati mtengo, ndipo kwa nthawi yoyamba chitsegulireni saluniyo, dilaya youmitsira tsitsi inamveka kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Zala za Singano zinkayenda monga mwa masiku onse, kugawa, kupaka mafuta, kukoka. Mizere itatsala yowerengeka, khosi lija linafewa lokha, poti palibe amene angaumitse khosi masana onse.

"Amakumangani ndi zingwe kumeneko?" anafunsa a Wailesi osakweza maso.

"Ine sanandimange. Anandibaya jekeseni, ndinagona tulo timene ndinatisowa kwa nthawi yaitali. Kenako mapiritsi. Timakhalanso pagulu n'kumakambirana ndi anesi. Aphunzitsi analimo, oyendetsa magalimoto analimo, amayi a ana analimo."

"Mhm."

Atamaliza mzere womaliza, Singano anatambasula dzanja.

"Sizasi, mayi. Ndidule timaubweya tatulukati."

A Wailesi anaigwira kanthawi. Kenako anaipereka, chogwirira kutsogolo. Inalira pafupi ndi khutu lawo, tche tche tche, ndipo maso anali otsinzina mpaka inasiya.

Singano anawagwirira kagalasi kumbuyo. A Wailesi anatembenuza mutu uku ndi uku, akufunafuna mzere wokhota woti akanene. Sanaupeze. Analipira kwa a Madamu, osati kwa iye, ndipo ali pakhomo anacheuka.

"Usaganize kuti ndikhala chete. Anthu ayenera kudziwa."

"Mukawauze zonse, mayi. Ndipo mawa akakufunsani kuti wakulukani ndani, musakati a Madamu."

Chitseko chitatsekeka, a Madamu anavula magolovesi n'kuwaponya musinki.

"Wadziwa chimene wachita? Pofika mawa msewu wonse ukhala utamva. Ine ndinakukweza mu takisi kuti anthu asakuone, iwe wadzivula wekha pamsika!"

"Za takisi sindidzaiwala, Madamu. Koma dzana sindinamwe chifukwa cha kiyi. Mukufuna mudzandikwezenso?"

A Madamu anayang'ana kumbali.

"Mpando wako ukakhala wopanda munthu, ndilibe pokusunga. Ndikuuziretu."

"Mukadzandichotsa, mudzandichotse. Kuchimbudzi kokha sindibwererako."

"Chotsa botololo pashelefu."

Singano anatenga tsache n'kuyamba kusesa zidutswa za meshi pansi pa mpando wake. Botolo linakhala pomwepo mpaka nthawi yoweruka, ndipo a Madamu, amene ankapukuta shelefuyo madzulo alionse, anapukuta molizungulira.

Pochoka, Singano analiponya m'chikwama n'kuima pakhomo.

"Lolemba ndichedwa, Madamu. Ndi tsiku langa lokaonana ndi adokotala."

"Nanga munthu akakufunsa ndidzati chiyani?"

"Mudzati ndili kuchipatala. Kosi ndinamaliza."